Bwalo la Ndege la a Chikopa

Sabata ino chakwana chaka chimwalirireni a Chikopa, ndipo pamudzi pano sindinamve ngakhale mmodzi akuwatchula. Sindikudzudzula munthu ayi. Ino ndi nthawi yobandira, aliyense akuweruka kumunda msana utauma, ndipo womwalirayo sanali wakuno. Anali mkamwini, ngati ine ndemwe. Ndiye poti palibe wina, ndiwatchule ine, ngakhale nane ndatopa ngati anzanga onse.

Tinakwatira mbumba imodzi. Iwo anatenga a Elube, mwana woyamba pabanjapo, ine n'kubwera patapita zaka zambiri kudzakwatira mng'ono wawo wa kwa mayi aang'ono. Ndinawapeza imvi zitayamba kale. Ankanditchula kuti mphwanga, ine n'kumati achimwene, chonsecho magazi athu sanakumanepo. Chotilumikiza chinali chakuti tonse tinkagona m'nyumba zomanga tokha, pa nthaka imene sidzakhala yathu.

Ana ankawaitana kuti a Pailoti, ndipo akuluakulu ena ankawaona ngati nkhalamba yopanda nkhawa, yongosewera ndi zidole. Ha, akanadziwa! Nkhawa anali nayo, imodzi yokha, ndipo inkawadya tsiku ndi tsiku: ankaopa kuti a Elube akadzatsogola, iwo adzauzidwa kuti apinde mphasa abwerere kwawo. Kwawoko kunali cha ku Namadzi, kumene anachokako ndevu zisanamere. Ndi a Elube anabereka ana aamuna okhaokha, awiri, ndipo kuno mwana wamwamuna sagwirira bambo ake malo, naye amapita kukakhala mlendo kwa eni. Ankandiuza kawirikawiri kuti safuna zambiri, akungofuna kukhala pano mpaka mapeto n'kudzagona pambali pa mkazi wawo. Ankanena akuseka, uku akusongola pensulo ndi mpeni, koma ine ndinkamva kuti si nthabwala.

Ntchito yawo yeniyeni inali yokonza mawailesi. Anakhala pakhonde la sitolo ina pa Namitambo zaka zosawerengeka, ali ndi kathebulo, chitsulo chowotcherera chimene ankachitenthetsa pa mbaula, ndi katoni ya mawailesi akufa amene eni ake sanabwerenso kudzawafunsa. Kenako kunabwera mafoni okhala ndi wailesi m'kati, ndi timawailesi timene tikafa umangotaya kudzala. A Chikopa anakhalabe pakhondepo akuyang'ana minibasi zikudutsa, mpaka mwini sitolo anawapempha mwaulemu kuti malowo akufuna kuikapo wogulitsa mayunitsi. Anamanga katoni yawo panjinga n'kubwera kudzakhala pakhomo.

Pakhomopo analibe chochita, chifukwa khasu sankalidziwa. Ndikunena zoona, sindikunyoza wakufa. Mzere wolima a Chikopa unkayamba ukuyang'ana phiri la Chiradzulu n'kukathera ukuyang'ana ku Mulanje. A Elube anawaletsa okha kulowa m'munda, ati amawaonjezera ntchito. Ndiye mkuluyu ankangozungulira nyumba, manja kumbuyo, kuwongola zinthu zosapindika, mpaka mwana wawo wamkulu, amene amagwira ntchito ku Joni, anabwera kudzacheza n'kuwaonetsa pafoni anthu akuulutsa tindege topanga okha. Mwanayo ankangofuna kuseketsa bambo ake. Bamboyo sanaseke. Anaonera mpaka foni inazima, n'kuitumiza kukatchajitsa, n'kuoneranso. Patapita miyezi kunabwera kaphukusi pa basi: kainjini kokwana m'chikhatho, batire, tizipangizo tokoka mapiko ndi mchira, ndi rimoti ya timitengo tiwiri toyendetsera ndi zala zazikulu. Zotsalazo anati adzazipeza okha.

Thupi la ndege ankalipanga ndi mabolodi oyera opepuka aja amene masitolo a ku Limbe amalembapo malonda, a thovu louma pakati ndi pepala kunja. Malonda akatha eni ake amawataya, ndiye a Chikopa ankakwera minibasi kukawapempha, n'kubwera atawakumbatira, akukangana ndi kondakitala njira yonse kuti asawakhalire. N'chifukwa chake ndege zawo zinali ndi zithunzi zodukaduka. Ina inali ndi theka la botolo la mafuta ophikira paphiko. Ina inali ndi mano okhaokha a mtsikana wotsatsa sopo, ikuseka kumwamba konse.

Ankayala bolodi pachitseko chakale, kujambula, n'kudula ndi lezala latsopano, poti lobuntha limang'amba thovu m'malo modula. Phiko sankalidula n'kulekanitsa. Ankacheka mpaka pakati pokha, kusenda pepala la m'kati, kugoneka kansungwi kosalala, n'kupinda pang'onopang'ono pamphepete pa chitseko kuti pamwamba pakhale nsonga yozungulira. Guluu wake ndi uja wa timitengo amene ena amasungunula ndi magetsi. Iwo ankamusungunula pa supuni pamoto, ndipo ankati akatentha kwambiri amadya thovu, akazizira sagwira, ndiye munthu uzimva ndi chala. Zala zawo zinali zamatuza chaka chonse. Waya wokokera mchira anali masipoko a njinga, phiko ankalimanga ndi mphira ya chubu, ndipo matayala ankadula ku mapatapata akutha amene ankatola m'njira. Mukayenda nawo, mwadzidzidzi munkangoona munthu wamkulu wawerama akutola patapata la mwana.

Akamaliza ankaiika ndegeyo pa nsonga za zala ziwiri, pansi pa phiko, n'kuisiya kuti ione yokha kumene ikulemera. Pamenepo musawalankhulitse. Ankasuntha batire pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, mpuno ikatsika pang'ono chabe n'kupuma. Ankakonda kunena kuti ndege yolemera kumchira ili ngati munthu wokwatira amene mtima anausiya kwa amake, imanyamuka mwamatama koma sichedwa kugwa. Moni wawo unalinso wachilendo. Asanakuyankheni ankayamba ayang'ana nsonga za mibulugamu kuti aone mphepo, ndipo alendo ambiri ankawayesa odzikuza.

Mkangano woyamba unali wa nkhuku. Nyenyeswa za thovu zinkamwazika pabwalo, ndipo nkhuku za a Elube zinkazijompha ngati madeya, kenako n'kuleka kuikira.

"Abambo, nkhuku zanga zikudya ndege zanu," anatero a Elube tsiku lina, manja m'chiuno.

"Ndiye ziuluka, mayi. Kabawi sadzazigwiranso."

"Asa! Mazira mudzadya a kabawiyo?"

Anakalipa mpaka mawu anasasa. Koma kuyambira tsiku limenelo, amuna awo akayamba kudula, iwo ankabwera ndi tsache n'kukhala pambali, kusesa nyenyeswa iliyonse isanafike pansi bwino, uku akung'ung'udza. Anali mayi wapakamwa, wamfupi, wosachedwa kupsa mtima, ndipo sindinaonepo munthu wotchinjiriza mwamuna wake ngati iwo. Za ufiti zinanenedwako pang'ono, monga mukudziwa anthu, koma zinatha msanga. Mfiti yanji youluka dzuwa likuswa mtengo n'kukakodwa mu mtengo wa mango, mwini wake n'kumapempha makwerero?

Mkangano waukulu unali wa bwalo. Kuno ku Chiradzulu nthaka ndi yochepa moti munthu amalima mpaka pakhomo pa chimbudzi. Ndiye taganizani anthu atadzuka n'kupeza kuti a Elube apatula mbali ya munda wawo, kamzere kakatali kowongoka m'mphepete mwa malire, kosadzala kanthu, kuti ndege za amuna awo zizithamangapo. Bwalo la mpira la kusukulu a Chikopa anali ataliyesa, koma lili kutali ndipo ndi la zitsotso ndi maenje, ndege inathyoka miyendo isananyamuke.

Mwinimbumba wathu ndi a Dayitoni, mlongo wawo wa a Elube. Si munthu woipa. Ndi munthu wa chifuwa cha mphumu amene wakalamba akugawa nthaka yosakwanira kwa ana a alongo ake, aliyense akumunena kuti wakondera. Anabwera akupuma movutikira n'kuima pa kamzereko.

"Achemwali, nthaka ya chimanga mwaisandutsa msewu woti alamu aziseweretsapo zidole?"

"Munda ndi wanga, njala ikabwera idzayamba ine," anayankha a Elube. "Munthuyu wakhala pano chiyambire tsitsi lili lakuda, alibe ngakhale papaya wotchedwa wake. Musiyireni kamsewu kakeko."

A Dayitoni anatembenukira kwa mwini ndege. Anati anyamata awaonetsa pafoni kuti tindege totere anzawo amangotiponya ndi dzanja, sitifuna bwalo.

"Choponya ndi dzanja ndi mwala, alamu," anatero a Chikopa. "Ndege imathamanga kaye, n'kutsanzika nthaka bwinobwino. Ndipo imayenera kukhala ndi pobwerera."

A Dayitoni anatsokomola, kupukusa mutu, n'kubwerera. Mkanganowu sunathe, unkadzuka chaka chilichonse mitambo ya mvula ikayamba kusonkhana, ndipo chaka chilichonse a Elube ankaukhazika pansi ndi pakamwa pawo.

Ine zinthuzi sizinkandisangalatsa kwenikweni, ndisaname. Ndinkapita chifukwa mkuluyu ankandigogodera m'mawa, ndipo kumukana kunali kovuta kuposa kupita. Ankaulutsa nyengo yachilimwe yokha, mphepo isanadzuke. Chiperoni chikagwa ankakhala m'nyumba akutukwana nkhungu, chifukwa pepala la bolodi likanyowa limasendeka ndipo phiko limafooka ngati tsamba la mpiru. Ndege zoyamba zinagwa zonse. Ina inalowa mu nandolo, ina inagunda denga la tchalitchi, ina inangozungulira pansi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Ankatola zidutswa, kuzinunkhiza ngati injini yapsa, n'kubwerera pachitseko chawo.

Koma tsiku limene ndege inauluka bwino ndinaliona ndi maso anga. Inali ija ya mano a mtsikana. Inathamanga pa kamzereko ikulira ngati njuchi zosamuka, matayala a patapata akudumphadumpha, kenako fumbi linangoleka. Inakwera pamwamba pa mibulugamu, n'kupendeka, n'kuzungulira mudzi wonse. Amayi pamjigo anasiya kupopa. A Chikopa sanamwetulire ngakhale pang'ono. Lilime linali panja, zala zikuyenda pang'onopang'ono pa rimoti. Kumapeto kwa bwalo kunali a Elube atavula chitenje chapamwamba, akuthamangitsa mbuzi za eni kuti ndege ipeze potera. Itatera n'kuima pafupi ndi mapazi awo, anaiyang'ana, n'kuyang'ana amuna awo, n'kunena kuti, "Eetu. Tsopano bwerani mudzadye, phala lapola." Ndege yeniyeni a Chikopa sanakwerepo, ndipo ankati sakuifuna. Ankati woikwera saiona.

A Elube anadwala nthawi yochepa. Anapita nawo kuchipatala cha pa Boma, n'kubwera nawo ali m'bokosi. Pamaliro a Chikopa sanalire mokweza. Anangokhala pansi atatambalala, akuyang'ana manja awo, ndipo ine ndinadziwa kuti akulira zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Masiku a maliro atatha, a Dayitoni anaitanitsa mbumba pakhonde pawo. Mwambo wake ndi wodziwika, timati kusudzula: wamasiye amamuthokoza, kumumasula, n'kumuperekeza kwawo. Poti a Chikopa analibe wachibale pafupi, ndinakhala nawo pambali ndine. Mbali inayo kunali Esinati, mwana wa malemu mng'ono wawo wa a Elube, amene munda unayenera kugwera m'manja mwake. Mwamuna wake anapita ku Mozambiki kukafuna ganyu osabwereranso, n'kumusiyira ana ndi kamunda kosakwana kuyalapo mphasa zingapo.

"Alamu, palibe chimene mwatilakwira," anayamba a Dayitoni. "Mlongo wanga munamusunga mpaka mwamuika m'manda. Koma mwambo mukuudziwa. Tikufuna tikumasuleni."

"Mundimasule ndipite kuti?"

"Kwanu n'kwanu, alamu."

"Kwathu kuli ndani? Ondidziwa onse ali pansi pa nthaka. Ndikakafika, mwana amene ndikamupeze pakhomo akandifunsa kuti agogo mukufuna yani."

A Dayitoni ankangosisita pachifuwa. Kenako Esinati analankhula, maso ali pansi.

"Ine sindikuthamangitsa bambo ayi. Ine ndikufuna polima. Ana anga akudya kamodzi patsiku, ine n'kumaona nthaka ikungowotha dzuwa. Ndizinena kuti chiyani kwa anawo?"

Palibe amene akanamutsutsa mwanayo, ngakhale ine amene ndinakhala mbali inayo. N'chimene chimanditopetsa ndikaikumbuka nkhaniyi: ukaifunafuna, woipa sumupeza. A Chikopa anamuyang'ana Esinati, kenako anatembenukira kwa a Dayitoni.

"Ndikapereka bwalo, ndikhala?"

"Munda wonse ndi wa Esinati, bwalo lomwe. Koma m'nyumba khalanimo, sitikutulutsani."

"Sindikufunsa za nyumba yokha. Ndikafa, mundiika pambali pa mlongo wanu?"

A Dayitoni anayang'ana amayi akuluakulu a mbumba, amayiwo n'kugwedeza mitu.

"Tidzakuikani, alamu."

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa.

M'mawa mwake ndinamva chitsulo chikulira ngati wina akuswa miyala. Ndinapeza a Chikopa ali pabwalo lawo ndi khasu la a Elube. Inali nyengo ija yotentha mvula isanagwe, pamene ngakhale abuluzi amabisala. Ndinati achimwene, siyani, Esinati apeza anyamata a ganyu. Iwo anangopitiriza kukumba. Khasu linkangodumpha. Ndi pamene ndinazindikira chimene mkuluyu anachita ndi nthaka ija zaka zonsezo: ankatuta dothi la pachulu ndi timiyala ta kumtsinje, kuthira madzi, n'kusinja ndi musi wakale, chilimwe chilichonse, mpaka panauma ngati pansi pa nyumba. Tsopano ankafuna kumasula ndi manja omwewo, manja a lezala ndi pensulo.

Ndinakawabwerekera piki. Analimbana nalo bwalolo masabata, pang'onopang'ono, kukumba kachigawo, kukhala pansi, kudzukanso. Matuza a guluu anaphulika n'kukhala zilonda, n'kumanga ndi nsanza. Anthu odutsa ankaima, koma panalibe wowaseka. Tsiku lina Esinati anabwera ndi thobwa m'kapu, n'kugwada patsogolo pawo akulira.

"Bambo, mukundichititsa manyazi. Anthu aziti ndikukuphani ndine. Lekani, ndilima ndekha."

"Iwe mwana, dzuka," anatero. "Ndinaumitsa ndine, ndifewetse ndine. Ukalima wekha, bwaloli wachita kulanda. Ndikalima ine, ndakupatsa."

Anamwa thobwalo n'kubweza kapu. Atamaliza kugaula anaunda mizere, yokhota monga mwa masiku onse, ndipo Esinati sanaiwongole. Kenako anapita pachitseko chawo, kutsitsa ndege zonse zimene zinkalendewera kudenga, n'kuzidula miyendo ndi mpeni imodzi ndi imodzi. Matayala anawaponya kudzala.

Anaulutsabe pang'ono chilimwe chotsatira. Poti rimoti imafuna manja awiri, woponya ndinali ine. Aa, zinali zovuta. Ndikaponya mwamphamvu ankati ndikuponya ngati ndikugenda galu, ndikaponya pang'ono ankati ndadya kodi. Kunyamuka inkanyamuka, koma potera panalibe. Inkagwera pa mizere youma ndi ziputu za chimanga, mimba n'kung'ambika ulendo uliwonse. Ankamata ndi selotepi, kumatanso, mpaka ndege inalemera moti inkalephera kupitirira mutu wa munthu. Tsiku lina itagwa anaiyang'ana patali, osapita kukaitola. Anazimitsa rimoti n'kunena kuti, "Basi, mphwanga. Tiyeni tikakhale pansi." Ndinakaitola ndine.

Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde. Mabolodi otsala anawadya makoswe. Esinati ankawatumizira chakudya, iwo ankawakonzera ana ake tochi ndi zina zotero, ndipo madandaulo sindinawamve. Nthawi zina ankandiuza kuti anagula bwino, kamsewu ka fumbi kusinthanitsa ndi malo ogona osatha. Ankanena ngati munthu wodzilimbitsa mtima, ine n'kumavomera kuti inde achimwene.

Anamwalira masana, mvula ikuwaza, atadwala chifuwa masiku ochepa. Monga mwa mwambo, uthenga unatumizidwa kwawo ku Namadzi. Ife tinkayesa kuti kubwera munthu mmodzi kapena awiri kudzakhudza maliro. Okumba manda analawirira, a Dayitoni n'kukawalozera okha pambali pa a Elube. Dzenje litafika m'chiuno, pamsewu panaima lole.

Anatsika anthu amene sitinawaonepo chikhalire. Wotsogolera anali bambo wa jekete, wolankhula mofatsa, mwana wa mlongo wawo wa a Chikopa. Anapereka moni bwinobwino, kupepesa, kenako n'kunena kuti abwera kudzatenga malume awo.

"Malemuwa tinawalonjeza kuti agona kuno," anatero a Dayitoni.

"Munalonjeza inu, ife simunatifunse. Munabwereka munthu wamoyo, ntchito wagwira, wakuberekerani ana. Mafupa ndi athu. Amayi awo agona kwathu, alongo awo agona kwathu. Tikawasiya kuno, mudzi wathu udzatiseka kuti tinataya malume kuchikamwini."

Anakambirana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maliro akudikira m'nyumba, amayi a kwaya atatha nyimbo n'kuyambiranso. Mwana wa ku Joni ankakuwa pafoni kuti bambo ake asachoke, koma mawu ankadukaduka, ndipo wa jekete anati mwana salamula pa mtembo wa bambo pamene eni mbumba alipo. Mwana wachiwiri anangokhala atazolika. Naye ndi mkamwini kwina, anazolowera kusayankha. Ine mtima unandiwawa, ndinaimirira.

"Ine ndinalipo! Munthuyu anapereka bwalo lake, analima yekha mpaka manja kutuluka magazi, kuti agone pano!"

"Alamu, khalani pansi," anatero a Dayitoni, osakweza mawu. "Nkhaniyi si yanu."

Ndinakhala pansi. Kwa eni kulibe mkuwe. A Dayitoni anayesabe, ndiwachitire umboni, anayesa mpaka mphumu inawatseka. Koma mitambo inali itada, alendowo sankasuntha, ndipo akuluakulu a tchalitchi anayamba kunong'ona kuti si bwino kukanganirana mtembo. Pamapeto pake a Dayitoni anakweza dzanja ngati munthu wothamangitsa ntchentche.

"Atengeni."

Esinati anathamangira lole mpaka pamsewu waukulu akulira kuti bambo, bambo. Ine ndinakwera nawo. Tinawaika madzulo, pakati pa anthu amene mayina awo sindinawamvepo, ndipo wolalikira anachita kufunsa kwa ine kuti malemuwa ankagwira ntchito yanji. Kuno kumudzi dzenje linatsala lotseguka. Manda okumba sasiyidwa opanda kanthu, ndiye okumbawo anadula thunthu la nthochi, kuligoneka m'menemo, n'kukwirira.

Nyumba ija tsopano Esinati amasungiramo chimanga, ndipo chitseko chodulirapo mabolodi anatsekera khola la mbuzi. Ndikamapita kudimba ndimadutsa pamunda paja. Chimanga cha Esinati chaka chino chili bwino, chafika pachifuwa, chobiriwira. Koma m'mphepete mwa malire muli kamzere kakatali kamene chimanga chake chimathera m'mawondo, chachikasu, chopyapyala. Wathirapo manyowa, wathirapo feteleza, nthaka ikukana. Timiyala tija tikadali momwemo. Chaka chatha sanakololepo ngakhale dengu.

Kumanda sitipitako wamba, koma mwezi watha tinali komweko kukaika mayi wina wa m'mudzi muno, ndipo ndinapatuka pang'ono. Pa a Elube pali mtanda wachitsulo umene ana anaika, dzina likuwerengeka bwino. Pambali pake dothi linatitimira, chifukwa thunthu la nthochi silichedwa kuwola. Patsala kadzenje kotalika ngati munthu wogona, ndipo mvula ikagwa mumadikha madzi. Malo kumandako akuchepa ngati kumunda komwe, koma okumba akamasankha pokumba amapalambalala pamenepo. Ndinamva mmodzi akufunsa mnzake ngati pali munthu, mnzakeyo n'kuyankha kuti kaya.